Kondakitala wanga akuti analodzedwa, koma ine sindinalembe womulodza

Nabanda (Chilenje):
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, musandiseke. Ndikulemba kasewero koti ana anga a Giredi 6 akachite tsiku lotsekera sukulu. Nkhani yake ndi ya kondakitala wa minibasi amene sabweza chenji. Mtundu wake mukuudziwa: wampatsa K20, iye akuti "ndikupatsani kutsogolo amayi", pofika pa siteji iwe watsika, iye wamenya kale chitseko, basi yapita.

Tsiku lina zinthu zimamutembenukira. Chimene ndalama ija ikanakagula kwa mwini wake chimayamba kusowa kwa iyeyo. Wadya K2 ya mayi amene amakagula mchere, madzulo ndiwo zake sizikolera ngakhale athire mchere wodzaza chikhatho. Wadya K5 ya makala, mbaula yake ikukana kuyaka, akupiza mpaka mkono kuwawa. Wadya ya mdala amene amakagula Panado pa kantemba, mutu ukumupweteka usiku wonse. Pamapeto amayamba kusakasaka anthu aja kuti awabwezere.

Tsono ndawerengera anthu atatu kunyumba: bambo akunyumba, mlamu wanga ndi mwana wanga wa zaka 11. Onse funso limodzi: anamulodza ndani? Ine sindinaikemo womulodza, zimangochitika basi. Bambo akuti nkhani yopanda mwini wa mankhwala ndi nkhani yosatha. Ndiwonjezere munthu kodi? Ndatsala ndi masabata atatu.

Kaponya Wopuma:
Aphunzitsi, ameneyo ndikumudziwa, ali ndi K3 yanga kuyambira chaka chatha 😂

Amake Mapasa (Mtendere):
Bambo akunyumba akunena zoona amayi. Ana sakonda chinthu cholendewera m'mwamba. Ikanimo gogo mmodzi wokwera basi, wa chitenje chakutha ndi kathumba ka ufa wa pamela m'manja. Kondakitala amudyera chenji, gogo amuloza chala nati "udzaona". Mizere iwiri yokha, nkhani yatha bwino, aliyense wamvetsa.

Naphiri (Kabwata):
Asisi Amake Mapasa, pepani, koma gogo ameneyo ayi. Chonde aphunzitsi musamulembe.

Ambuya anga obala amayi ananena mawu omwewo kwa mnyamata wina kumudzi, cha ku Chadiza. Ankawabera nkhuku. Anamugwira ali ndi thadzi m'malaya, iwo mwaukali nati "uona". Patapita masabata awiri mnyamata uja anadwala malungo aakulu, nayamba kubwebweta. Anachira, koma mudzi unali utagamula kale. Nkhokwe yawo inapsa usiku, pa chitsime akafika iwo amayi anzawo ankanyamula ndowa n'kuchokapo. Amalume anakawatenga n'kubwera nawo kuno, anakhala zaka zinayi m'kachipinda ku Kanyama, munthu amene anazolowera kudzuka ndi khasu. Ankangokhala pa khomo kuyang'ana madzi a mvula atadzaza njira. Anamwalirira konkuno.

Ndiye ana 50 akhale pansi kuonera gogo akuloza chala, mawa munthu n'kudwala, aphunzira chiyani? Za chenji aiwala. Atenga zoti agogo osauka ndi oopsa. Komanso musaiwale kuti kuno ku Zambia kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, lamulo lake ndi Witchcraft Act, Chapter 90, la 1914 koma likugwirabe ntchito.

Amake Mapasa (Mtendere):
Ayi pepani asisi, sindimadziwa. Mzimu wawo uuse. Komatu ine sindimati mfiti, ndimangoti munthu wolakwiridwa.

Naphiri (Kabwata):
Ndamva, sindinakwiye. Koma pa siteji kusiyana kwake sikuoneka.

aTembo (Matero):
Ana inu, ndiloleni ndilowepo, ndikulemba ndi chala chimodzi ndiye pirirani.

Ife tinakula ndi nthano za pamoto. Wokamba akati "Padangokhala", tonse timayankha "Tili tonse". Mawu amenewo sanali okongoletsa ayi, linali pangano. Tanthauzo lake n'lakuti tavomera kulowa m'dziko lako, Kalulu akayankhula sitikufunsa kuti anaphunzira kuti Chinyanja. Tengani Kamdothi. Mayi wopanda mwana aumba mwana ndi dothi, mwanayo ayenda, aseka, asewera ndi anzake. Mitambo ikada mayi aimba kumuitana kuti athawe mvula. Tsiku lina apita kutali, mvula imupeza panjira, asungunuka. Ine nthano imeneyi ndinaimva mwina kakhumi, ndipo palibe tsiku limene mwana wina anaimika ambuya n'kufunsa kuti dothi linapuma bwanji, kapena anapita kwa sing'anga uti. Timalira basi, n'kukagona.

Pa Radio Zambia kunali Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu mmodzi, mawu a anthu onse a m'nkhani akutulutsa yekha. Nyumba yathu inalibe wailesi, timakamvera pa khonde la aneba, ana khumi pa mphasa imodzi. Sitimapita kukafufuza mlandu, timapita kukamva.

Mwana wanu wafunsa funso limenelo chifukwa wakula ndi mafilimu aja a ku Nigeria, mmene chilichonse chodabwitsa chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amaululika mu Part 2.

Kaponya Wopuma:
Part 2 imene mumagula CD ina 😂 amdala mwakumbutsa kale

Nabanda (Chilenje):
Zikomo atate. Komatu ndikuona kusiyana kumodzi. Kamdothi ali m'dziko la padangokhala. Kondakitala wanga ali pa Kafue Road, akukuwa "tauni tauni", ndalama zake ndi kwacha yomweyi. Mwina n'chifukwa chake akufunsa. Ndaika chozizwa pamalo pamene anthu amakwerapo basi tsiku ndi tsiku, ndipo pamalo oterowo chodabwitsa chikachitika, ife tinazolowera kufunsa kuti ndani.

Wa ku Kalingalinga:
Madamu, pamenepo mwakhudza penipeni. Pali filimu ya ku America ya 1993, Groundhog Day. Bambo wina wolengeza zanyengo pa TV, wodzikonda, wonyoza aliyense, amatumidwa ku katauni ka Punxsutawney ku Pennsylvania. Amagona pa 2 February, kudzuka ndi pa 2 February pomwepo. Mawa lake chimodzimodzi, nyimbo yomweyo pa wailesi, anthu omwewo, mawu omwewo. Ndi tauni wamba, si dziko la nthano. Ndipo filimu yonse mpaka kutha sakuuzani chifukwa chake.

Chosangalatsa n'chakuti polemba, panali nthawi imene anaikamo womulodza. M'zolemba zina zoyambirira munali chibwenzi chake chakale chimene anachisiya, ndicho chimamutemberera. Anazichotsa. Ganizani zikanakhalamo: tonse tikanakhala tikudikira kuti apite akamupepese mkazi uja, kapena apeze womasula. Maso athu akanachoka pa iyeyo n'kupita kwa wotemberera. Popeza palibe wokamupepesa, palibe wokamumenya, palibe sing'anga wokamulipira, watsala yekha ndi khalidwe lake.

Kondakitala wanu ndi chimodzimodzi. Mukangoikamo gogo, njira yachidule yatseguka: akagwada kwa gogo, ampatsa K100, mchere wabwerera, mawa ayambiranso kubera ena, angosamala agogo okha.

Naphiri (Kabwata):
Eya! "Angosamala agogo okha." Ndi zimene ndimalephera kunena.

Amake Mapasa (Mtendere):
Chabwino, gogo ndamusiya. Koma ine zoti "zimangochitika" sizikundikhalabe bwino. Palibe chimene chimangochitika. M'Baibulo zodabwitsa zilimo zambiri koma wozichita amadziwika. Nebukadinezara anadya udzu ngati ng'ombe, Danieli 4, ndipo anauzidwiratu kuti ndi chifukwa cha kudzikuza. Saulo anachita khungu masiku atatu panjira ya ku Damasiko, mawu anamuuza kuti ndine ndani. Bulu wa Balamu anayankhula, koma lemba likuti Yehova ndiye anatsegula pakamwa pake. Bwanji osangoonetsa kuti ndi Mulungu akumulanga? Ana adziwe kuti kuli woona.

aZulu (Chawama):
Ndakhala ndikungowerenga, koma manje lekani ndiyankhule, chifukwa ine ndinagwirapo ntchito imeneyi zaka zisanu ndisanakhale dalaivala.

Aphunzitsi, nkhani yanu ndi yabwino koma kondakitala wanu simukumudziwa. Mwamulemba ngati munthu amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikabe. Sizikhala choncho. Basi ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amafuna cashing yake madzulo, ndalama imene anaika kuti muzimupatsa tsiku lililonse, kaya kunagwa mvula kaya mseu unatsekedwa. Pamwamba pake mafuta. Pamwamba pake anyamata oitanira pa siteji, aliyense akufuna yake. Basi ikagwidwa panjira, ndalama ichokanso m'thumba lomwelo. Inu ndi dalaivala mumadya zotsala, ndipo masiku ena zotsala kulibe. Ndafikapo kunyumba 22 hours ndi K15, mkazi akundiyang'ana.

Za chenji: m'mawa 05 hours anthu khumi oyamba onse akupatsa ndalama zikuluzikulu. Uitenga kuti chenji? Umati dikirani. Ena amaiwala n'kutsika. Poyamba ndinkawaitana. Kenako ndinasiya kuitana. Kenako ndinayamba kuyang'ana kumbali dala munthu akamatsika. Sindikudziwa tsiku limene ndinasanduka wakuba, linalibe belu.

Ndiye funso langa si la womulodza. Funso langa n'lakuti munthu wanuyo akabweza chenji chifukwa mutu ukumupweteka, wasintha kapena wangoopa? Ine apolisi a traffic akakhala kutsogolo sindinkadzaza basi mopitirira. Tikangodutsa, anayi anayi pampando.

Nabanda (Chilenje):
Achimwene aZulu, mwandichititsa manyazi ndipo ndathokoza. Cashing sindinaiganizepo n'komwe. Ndinalemba ndi mkwiyo wa K5 yanga.

Kaponya Wopuma:
aZulu ndiye ndinu munadya K3 yanga eti

aZulu (Chawama):
Bwera ku Chawama udzatenge, koma transipoti yako ndi yoposa pamenepo

aTembo (Matero):
Funso la aZulu ndi lalikulu kuposa loyamba lija. Amake Mapasa, mwatchula a m'Baibulo atatu, ine ndiwonjezera wachinayi amene mwamudumpha: Yona. Ameneyu chozizwa chinamugwira ndithu, masiku atatu m'mimba mwa chinsomba, ndipo wochita akudziwika. Atalavulidwa anapita ku Nineve, inde. Koma werengani chaputala 4. Anthu alapa, mzinda wapulumuka, iye wakwiya, wakakhala kunja kwa mzinda pansi pa msatsi kudikira kuti mwina uwonongekabe. Msatsi utafota akuti bola kufa. Buku limatha Mulungu akumufunsa funso, yankho la Yona sitilimva. Miyendo inamvera, mtima unatsala m'chombo chopita ku Tarisi.

Ndiye ngakhale mutalemba kuti ndi Mulungu, ntchito ya aphunzitsi sinathe. Chinsomba chimatembenuza munthu njira, koma kuti wasintha tiyenera kuona ndi maso athu.

Amake Mapasa (Mtendere):
Atate mwandigwira ndi Baibulo langa lomwe 😅 Koma sindinagonje. Kuopa Yehova ndiko chiyambi cha nzeru. Mantha si oipa nthawi zonse. Bambo a mapasa anasiya mowa dokotala atawaonetsa chithunzi cha chiwindi chawo. Anayamba ndi mantha, lero ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo manje ndi iwo amene amakatenga anzawo ku bawa.

Wa ku Kalingalinga:
Amayi, mawu anu akuti "chiyambi" ndi amene ndikugwira. Mantha ayambitse, koma asamalize. Charles Dickens analemba A Christmas Carol mu 1843, nkhani ya Scrooge, wamalonda woumira wa ku London. Usiku umodzi amamuyendera mzimu wa mnzake Marley amene anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, kenako mizimu ina itatu. Anthu ambiri amakumbukira wachitatu, umene umamuonetsa manda ake, n'kumati anasintha chifukwa choopa imfa. Koma mukawerenga bwino, amayamba kulira kale kwa mzimu woyamba, pamene wadziona ali kamnyamata kosiyidwa kokha kusukulu anzake atapita ku holide. Wachiwiri umamulowetsa m'nyumba ya kalaliki wake, aone chimene malipiro ochepa aja amagula patebulo, aone mwana wodwala. Mizimu sinamumenye. Inangomuika pamalo oti aone.

Ndipo madamu, chozizwa chanu ine ndachikonda chifukwa chomwecho. Si chilango wamba ngati kumera nyanga kapena kusanduka fisi. Akulawa ndiwo za mayi uja. Akumva mutu wa mdala uja. K2 imene kwa iye inali kachitsulo chabe yasanduka chakudya cha banja lina. Musachiwononge pochifotokoza.

Naphiri (Kabwata):
Koma ndifunse aphunzitsi, pamapeto anthu aja amawapeza bwanji? Lusaka ndi wamkulu.

Nabanda (Chilenje):
Eee, pamenepo ndinathamanga. Ndinalemba kuti makobidi aja amayamba kutentha m'thumba akayandikira mwini wake, ndiye amangowatsatira mpaka pakhomo.

Wa ku Kalingalinga:
Apo ndiye pali vuto, osati pa womulodza. Wolemba wina wa ku America, Brandon Sanderson, anaika lamulo lake mu 2007 limene olemba nkhani zamtunduwu amalitchula kawirikawiri. Mwachidule likuti ukafuna kuthetsa vuto la m'nkhani ndi matsenga, owerenga ayenera kuwamvetsa matsengawo. Kutembenuza kwake n'kwakuti chozizwa chobweretsa vuto chikhoza kukhala chosafotokozedwa, koma chochotsa vuto chikangotulukira, anthu amamva kuti aberedwa. Mchere kusakolera, palibe chovuta. Makobidi osanduka GPS, mwamunyamulira katundu amene amayenera kusenza yekha.

aZulu (Chawama):
Makobidi otentha safunika n'komwe. Kondakitala amadziwa anthu ake kuposa mmene mukuganizira. Mayi amene amakwera 05:30 ndi beseni kupita ku msika wa Soweto kukaoda tomato, ndimadziwa siteji yake, ndimadziwa ndi tsiku limene malonda sanayende chifukwa amakhala chete. Mdala wa jekete la buluu wotsikira pa chipatala Lachiwiri lililonse. Amenewo kuwapeza n'kosavuta, chovuta ndi kutsegula pakamwa. Mukudziwa manyazi ake kuuza munthu pamaso pa basi yodzaza kuti amayi, iyi ndi K5 yanu ya mwezi watha? Dalaivala akuseka, oitanira akuseka, wina akuti walowa tchalitchi chatsopano.

Ndipo ena sudzawapezanso. Mlendo wochokera ku Chipata amene anatsika pa Intercity n'kukwera basi yako kamodzi kokha, wapita basi. Ine alipo mtsikana wina wa yunifomu, ndinamudyera chenji chonse, ndinamuona pa galasi akuwerenga m'manja ataima pamseu. Mwina inali yobwerera kunyumba. Papita zaka zambiri, ndikadutsa pamalopo ndimayang'anabe.

Amake Mapasa (Mtendere):
Mmm achimwene.

aTembo (Matero):
Aphunzitsi, lembani zimene wanenazi musanaiwale. Mtsikana ameneyo alowe m'sewero.

Nabanda (Chilenje):
Ndalemba kale atate, pepala lili apa. Ndikuganiza motere. Makobidi otentha ndachotsa. Ndiyamba ndi bwana wa basi akuwerenga cashing usiku, yaperewera, amudula malipiro, kuti ana aone kumene njala yake ikuchokera. Chenji ya makala ndi ya Panado azibweza, mbaula iyaka, mutu uleka. Koma ndikufuna pakhale tsiku limodzi pamene zodabwitsa zonse zaleka, iye wayesa kubisa K1 ndipo palibe chamuchitikira. Wadziwa kuti manje ali mfulu. Kenako akwere mwana wa sukulu, aiwale chenji, ayambe kutsika. Cashing ya tsiku limenelo ndi yoperewera. Pamenepo ndi pamene tione chimene achite.

Wa ku Kalingalinga:
Ndiye sewerotu limenelo madamu.

Naphiri (Kabwata):
Nanga mchere?

Nabanda (Chilenje):
Mayi wa mchere ndi amene sadzamupeza. Ndiwo zake zikhala zosakolera mpaka nsalu kutsekedwa. Kapena ndi nkhanza kwa ana?

aTembo (Matero):
Kamdothi anasungunuka ndipo palibe anamuumbanso. Tinakula bwinobwino.

Amake Mapasa (Mtendere):
Ine mchere ndikanamubwezera, munthu walapa. Ndipo ndikukuuzani, makolo akatuluka m'holo adzafunsanabe kuti anamulodza ndani. Mlamu wanu yemweyo adzayambitsa. Koma chabwino, sewero ndi lanu. Kapemphero kamodzi kokha musakamane, ngakhale ka mkazi wake.

Nabanda (Chilenje):
Ka mkazi wake kalowa, ndinali ndi mtsikana wina amene analibe mbali. Akafunsa makolo afunse, bola asapeze gogo womuloza.

Dzulo usiku magetsi atathima ndinamufotokozera mwana wanga mmene ndasinthira, tili pa kandulo. Za womulodza sanafunsenso. Anangoti, ndiye bwana wa basi uja iyeyo chimusowa n'chiyani? Sindinamuyankhe.

aZulu (Chawama):
Mwana ameneyo mumusunge bwino 😂 Bwana zisamugwere, ana angaganize kuti ndi mmene zimakhalira.

Nabanda (Chilenje):
Achimwene, pempho limodzi. Mnyamata amene ndampatsa mbali ya kondakitala ndi wamanyazi, akuitana "tauni" ngati akupempha madzi akumwa. Simungabwere Lachisanu masana mudzamuonetse kaimidwe ka pa chitseko, kamenyedwe ka denga, ndi mmene mumapindira ndalama pakati pa zala?

aZulu (Chawama):
Lachisanu ndili pamseu mpaka 14 hours. Ndifika cha m'ma 15. Mukonze mabenchi anayi ndi chitseko chakutha, komanso mapepala odula ngati ndalama, ambiri. Auzeni ana onse abwere ndi K50 yabodza, pasapezeke wa ndalama yaing'ono, aone yekha mmene thukuta limayambira.

Kaponya Wopuma:
Ine ndibwera kudzakhala woitanira, mbali imeneyo sindifuna kuphunzitsidwa

Nabanda (Chilenje):
Bwerani nonse, koma pa geti munene kuti mwabwera kwa aphunzitsi a Giredi 6, alonda athu ndi ovuta.